Batani Lofiira

Analikhoma Lolemba, pafupi ndi sikelo,
batani lofiira ngati diso la njiwa.
Aliyense woona cholakwika adine, makina aime,
anatero a manijala. Aliyense, ngakhale wosesa.
Tinaomba m'manja.
Kuomba m'manja ife sitilephera.

Miyezi inayi fumbi la nshawa linagona pa batanilo
osasokonezedwa ndi chala cha munthu.

A Nyendwa akhala pa lamba wa makina zaka makumi awiri.
Ndiwo anandipezera ntchito ino.
Ndiwo anasenza bokosi la atate kuchokera ku Mchini
mvula ikugwa, nsapato zili m'manja mwa mwana wawo.
Tsopano m'maso mwawo mwachita nkhungu.
Njere zachuku zimawadutsa pakati pa zala
ngati ana a sukulu othawa kusesa,
ndipo ine, wa cholembera ndi fomu ya timabokosi,
ndimachonga: zabwino, zabwino,
zabwino.

Kunabwera mlendo wa ku Lusaka, wa nsapato zosongoka.
Anati matenda athu ndi ulemu.
Anati anakaphunzirako ku Thailand,
kumenekonso wamng'ono amameza mawu pamaso pa wamkulu
n'kuphimba mng'alu ndi kumwetulira.
Anajambula muvi wozungulira pa bolodi:
konza, chita, ona, konzanso.
Tinati inde bwana.
Anakwera basi ya mbandakucha.

Kenaka lole inabwezedwa pa Mwami,
matumba mazana atatu, lililonse ndi chidindo chake.
Bonasi ya Khirisimasi inapita ndi chuku.
Palibe anatchula dzina.
Pa nthawi yopuma tinkatafuna chinangwa chootcha
aliyense akuyang'ana mawondo ake.

Lamulungu ndinakwera njinga ya hayala kupita ku Navutika,
shuga paketi imodzi, mabanzi asanu ndi limodzi.
Ndinagwada pakhonde.
Tinakamba za mvula, za mtengo wa feteleza,
za nkhumba ya aneba yomwe inathyola mpanda.
Dzuwa litapendekera ku Kanjala ndinati,
Atate, nyali ya pa lamba ija yachepa mphamvu.

Anamata banzi majarini mosafulumira.
Mwana wa Shawa, anatero, nyaliyo ndine.
Chaka chathunthu ndakhala ndikuyang'ana pakhomo apa
kuti ndani abwere.
Wamkulu akanyamuka yekha amati wathawa.

Lolemba, nthawi ya naini,
anapukuta dzanja pa ovolosi
n'kudina.

Chete wake sindidzamuiwala.
Tinamva mpheta pa denga la malata,
tinamva wailesi ya mlonda ku geti.
A manijala anatuluka kapu ili m'manja.
A Nyendwa anati, ndiikeni polandirira matumba,
maso apita koma mphuno idakalipo,
thumba lonyowa ndimalimva lisanatsike pa ngolo.

Sabata imeneyo Faidesi wosesa anadina katatu.
Kawiri anapeza timiyala.
Kachitatu anati amangofuna kumva ngati likugwirabe.

Lipoti lopita ku Lusaka ndinalitayipa ndine.
Likuti maphunziro aja abala zipatso,
antchito asintha maganizo.
Pa fomu panalibe kabokosi ka shuga
kapena ka maola atatu pakhonde,
ndiye ndinachonga pomwe panali malo.