Chipinda Chopanda Munthu

Envelopu yakhaki inafika Lachiwiri,
patatha masabata atatu Bryony atakwera sitima ya ku Leeds.
Ndinaisiya pamwamba pa firiji mpaka kunja kutada.
Amati chakudza sichiimba ng'oma,
koma ichi chimadza ndi chidindo cha boma
ndi dzina langa lolembedwa bwinobwino:
Mayi Noreen Marfleet,
tamva kuti zinthu zasintha pakhomo panu.

Mwamva?
Ine ndinaona.
Ndinali pa njinga yanga pakhonde, bulangete pamaondo,
mphepo ya mumtsinje wa Humber ikundibaya m'makutu,
iye akukoka sutikesi ya tayala limodzi lophotchoka,
osacheuka, poopa kuti akacheuka sapitanso.

Pepala loyamba likuti ndalama ya mwana yatha
chifukwa mwana salinso mwana.
Lachiwiri likuti ya wondisamalira aimitsa
chifukwa wondisamalira wasamuka.
Lachitatu, la tizilembo tating'ono,
lawerenga zipinda za nyumba yanga
n'kupeza chimodzi chopanda munthu.
Lendi yake ndidzisenzere ndekha.

Chopanda munthu, eti.
Bwerani mudzaone.
Muli makina ondinyamulira pochoka pabedi,
makatoni a matewera a akulu,
ndodo ziwiri zomwe miyendo inazikana kalekale.
Pakhoma pali mizere ya pensulo,
msinkhu wake chaka ndi chaka,
mzere wotsiriza anadzilemba yekha
poti ine ndinali nditasiya kuimirira.

Ndinaimba foni. Mphindi makumi anayi
kanyimbo kamodzimodzi kakulira m'khutu.
Kenaka mnyamata waulemu, dzina lake Kieran,
anandifunsa ngati ndimatha kudziphikira.
Ndinati masiku ena.
Anati pafomu palibe bokosi la masiku ena,
pali inde, pali ayi.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinasenga nsomba mufakitale,
zala zili gwa ndi madzi oundana,
sindinafunsepo nsomba ngati ili inde kapena ayi.

Walira mvula walira matope.
Ndine ndemwe ndinkamukankha:
werenga, mwanawe, usadzakalambire pa msana wangawu.
Ali ndi zaka khumi ankadziwa kale mapiritsi anga ndi mitundu,
oyera m'mawa, achikasu ukadya.
Anzake akupita kokavina
iye ankandisambitsa kumsana, akung'ung'udza nyimbo,
madzi akumunyowetsa malaya a sukulu.
Palibe ofesi inanditumizira kalata nthawi imeneyo
kufunsa kuti ubwana wake ukudulidwa zingati pa sabata.

Tsopano chotenthetsera nyumba ndimayatsa ola limodzi.
Tiyi thumba limodzi, makapu awiri.
A Pickersgill a nyumba yoyandikana
amagogoda khoma katatu ikakwana naini,
ine ndimayankha ndi supuni pa paipi
kuti ndikadalipo.

Lamulungu Bryony anaimba.
Mawu ake anali ndi phokoso la anthu ena kumbuyo,
kuseka kwa anthu omwe sindikuwadziwa.
Anati aphunzira kuyeza kuthamanga kwa magazi,
mphunzitsi wadabwa kuti manja ake sanjenjemera.
Amayi, ndalama zikubwera monga kale?
Envelopu inali pamiyendo panga, yopindidwa kanayi.
Ndinati zikubwera.
Ndinati kuno kwangozizira basi.

Anakhala chete pang'ono.
Amandidziwa mwana uja, anandiwerenga asanadziwe kuwerenga.
Ndibwere Loweruka?
Ndinati tikiti ndi yodula, khala komweko,
mako ndi mako ngakhale ali patali.

Mawa ndidzaza fomu yodandaula,
masamba makumi awiri ndi anayi.
Pa funso lakuti mumakhala ndi yani
ndalemba kale ndi pensulo: ndekha.
Inki ndiika mawa,
dzanja likasiya kuwawa.