Zipewa Zinayi ku Izmir

Sitima ya pamadzi ikaliza hutala ya madzulo,
Nurettin amapukuta timatambula ta tiyi,
tija taning'a pamimba ngati mavu,
ndipo Feride amayala kope pathebulo lomata shuga.

Lero aphunzitsi alemba chinjoka:
3.030.003.
"Amalume, atatu ndikuwaona,
koma mazirowa akudya chiyani pano?
Si kanthu. Ndiwafufuta."

Nurettin sanayankhe.
Anakoka mipando isanu ndi iwiri, kweee,
naindandalitsa m'mbali mwa khoma.
Pa woyamba, matambula atatu.
Pa wachitatu, atatu. Pa wapakhomo, atatu.
Kenako anapita kwa madoda oponya madayisi pakona
n'kuwavula zipewa zinayi, osapempha.

"Yambira kukhomo, kudzanja lamanja.
Awo ndi atatu chabe, tiyi wa anthu atatu.
Ukasunthira mpando umodzi mkati
wakula kakhumi, osanenepa, osasintha nkhope.
Kakhumi, kakhumi, kakhuminso,
mpaka uyu wakhala pansi pa wotchiyu
akuyankhula m'mamiliyoni.
Chipewa pampando si munthu, inde,
koma yesa kukhalapo uone."

Feride anachotsa zipewa,
nakankha mipando yopanda kanthu.
Matambula anayandikana ngati ozizidwa.
Anawerenga chamumtima, milomo ikugwedera:
mazana atatu, makumi atatu, ndi zitatu.
Mamiliyoni aja aphwa ngati thovu la sopo.

"Ine ndinaziona ndi maso," anatero malume,
akutsuka sipuni yomwe anali atatsuka kale.
"Tinkagula buledi ndi pepala lodzaza maziro.
Tsiku lina boma linakolopa asanu ndi mmodzi.
Tinagona eni mamiliyoni,
tinadzuka ndi tindalama tolira m'thumba.
Buledi anali yemweyo.
Lilime lokha ndi lomwe linakana,
mpaka lero limandipulumuka, ndimati miliyoni."

Mtsikana anabwezera mipando, umodziumodzi,
chipewa chilichonse pamalo pake,
nawerenga mokweza, akupuma pa kadontho kalikonse:
mamiliyoni atatu,
zikwi makumi atatu,
ndi zitatu.

Mphepo ya kunyanja inalowa pakhomo.
Bambo Cevdet, wadazi lonyezimira,
anatambasula dzanja kufuna chake.
"Dikirani pang'ono," anatero Feride, pensulo ili kukamwa,
"chanucho chikusunga malo a zikwi mazana."