Wondikongoza

Loweruka kulibe sukulu,
choncho Amparo amakhala pambali panga mu jipini,
miyendo yake yosafika pansi,
kabokosi ka ndalama zachitsulo atakakumbatira.
Timanyamuka ku Jaro kusanayere bwino,
kutsikira kumsika waukulu wa Iloilo, kubwerera, kutsikanso,
mpaka msana wanga kuiwala kuti unali wowongoka.

Muno ndalama siziyenda zokha.
Mayi wa dengu la nsomba, wakhala kumbuyo kwenikweni,
apatsira mnyamata wa yunifolomu,
mnyamata apatsira nesi amene akusinza tulo ta dzulo,
nesi apatsira mwana wanga.
Chenji chibwerera njira yomweyo,
manja osadziwana, osasowetsa ngakhale peso imodzi.
Ndinamuuza kuti aziyang'ana manjawo, osati ndalamazo.
Sanamve. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Madzulo oyamba anagwedeza kabokosi,
anaona zamapepala zopindidwa pakati pa zala zanga,
nakuwa: Bambo, talemera!
Ndinazimitsa injini pansi pa mtengo wa mango,
ndi kuyala thaulo la thukuta pampando.
Werenga, ndinatero.
Izi ndi za a Villaruel, eni galimoto,
amene sanagwirepo chiwongolero chibadwire.
Izi dizilo wamwa kale.
Izi ndi mpunga. Izi magetsi.
Izi mankhwala a shuga a amayi ako.
Mulu uja unaphwa ngati chithaphwi padzuwa.
Zotsala anaziphimba ndi chikhatho chimodzi,
chikhatho chake, chaching'onocho.
Sanalankhule mpaka kunyumba.

Ndinamudulira nsungwi yotseka uku ndi uku,
ndi kuiboola kakamwa kopyapyala.
Loweruka lililonse mapeso makumi awiri, malipiro a kondakitala.
Theka m'nsungwi, theka lako, usandifunse.
Lake lija analisunga milungu itatu
nagulira kachidole kothwanima
kwa munthu wogulitsa pamlatho.
Ndinaona kuti n'kosalimba. Ndinaluma lilime.
Kanafa Lachiwiri.
Iye akulira, ine ndinkangopukuta magalasi a galimoto,
pakuti alipo maphunziro ena
amene fizi yake amalipira mwini wake.

Kuyambira pamenepo manja ake anauma.
Wa ayisikilimu akadutsa ndi belu lake
mwana ankayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mawaya a magetsi.
Theka lake lija linayamba kutsata linzake m'kakamwa kaja.
Nsungwi inalemera, inasiya phokoso poigwedeza.

Mwezi wa namondwe tinakhala masiku anayi osatuluka,
madzi m'misewu akufika m'mawondo.
Tsiku lachisanu tayala linang'ambika pa Molo.
A Villaruel anati imeneyo si nkhani yawo.
Usiku ndinakhala pakhonde
ndikuwerengera m'mutu zinthu zomwe ndinalibe.
Ndinamva chikwanje kuseri kwa nyumba.
Kamodzi. Kawiri.
Anatulukira atanyamula ndalama m'siketi yake yakusukulu,
kope la masamu lili m'khwapa.

Ndinatambasula manja kuti ndimukumbatire.
Anandipatsa pensulo.
Sainani apa, Bambo.
Mapeso mazana anayi ndi makumi asanu ndi limodzi.
Mubweze Khirisimasi isanafike,
ndipo muwonjezerepo nsungwi ina, yokulirapo.

Sizikanagula tayala latsopano.
Zinakwana chigamba ndi dizilo wa m'mawa,
ndipo m'mawa ndi umene tinkausowa.
Ndinasaina. Amayi ake anaseka kukhitchini
mpaka kutsamwa.

Loweruka amakhalabe pambali panga,
kulandira za anthu, kubweza chenji osaphonya,
ndipo tikaima pamaloboti amatsegula kope lija,
osanena kanthu,
kungoliika pamene diso langa lingagwere.
Ndabweza mazana atatu. Walemba tsiku ndi tsiku lake.
Ine ndimayang'ana kutsogolo, kuimba hutala popanda chifukwa,
munthu wamkulu wa imvi m'ndevu,
kuthawa maso a wondikongoza
amene miyendo yake siinafikebe pansi.