Rijenereta

Tsiku langa loyamba pafakitale ya tiyi ku Thyolo
ndinamva ngati akuti jenereta,
ndipo ndinaloza chinjini chakuseri chija
chimene chimabuula magetsi akathima.
A Muheya anaseka mpaka kutsokomola.
"Enelesi, chimenecho n'chaphokoso chabe, chimamwa dizilo.
Bwera uone chinzake chosalankhula."

Anatsegula kachitseko kachitsulo kuseri kwa ng'anjo.
Munali njerwa basi,
zosanjikizana motalikirana ngati mano a munthu wa mpata,
zakuda ndi mwaye.
Ndinakhumudwa. Ndinkayembekezera mawaya.

"Mpweya wotentha ukamathawira kuchumuni," iwo anatero,
"umayamba wadutsa muno, njerwa n'kuulanda kutentha.
Ndikatembenuza chitsulo ichi,
mphepo yachiperoni imalowa ikunjenjemera,
njerwa n'kuipatsa zomwe zinasunga zija.
Sizipanga kanthu. Sizidya nkhuni.
Zimangokumbukira moto kwa mphindi makumi awiri."

Ndinalemba m'kope: rijenereta.
Pansi pake ndinawonjeza ndi pensulo: msungi.

Mchimwene wanga Gedioni, wokumba ngalande za mawaya a foni,
anakana nditamuuza pa Luchenza, tikudya chinangwa chootcha.
Kwa iwo rijenereta ndi kabokosi kam'mbali mwa msewu.
Mawu akachoka ku Limbe amafika atatopa, atadyeka m'mbali,
kabokosi kaja kamatchera khutu,
n'kuwanenanso bwinobwino ngati angotuluka kumene pakamwa.
Tinakangana mpaka minibasi yake inadzadza.

Mayi anga alibe nawo ntchito mawuwa.
Iwo amadziwa chikwanje chodulira tiyi,
mizere yonse kusanduka zitsa zotuwa mu Julaye,
mlendo n'kumati munda wapsa.
Mvula yoyamba ikagwa, nsonga zija, tsamba ziwiri ndi kamphukira,
dengu kumsana. Ndinawafunsa chimabweza tiyi n'chiyani.
Anati, "Muzu. Tandipatsira mchere."

A Muheya anamwalira chaka cha mphepo yamkuntho ija.
Chitsulo chotembenuzira anandisiyira ine,
chogwirira chake chosalala pomwe pankakhala chikhatho chawo.
Ndimatembenuzabe pa nthawi yomwe iwo ankatembenuza,
ndipo anyamata atsopano akaloza chinjini chakuseri
ndimamva chifuwa chawo chikuseka m'khosi mwanga.

Tsopano ndili pa shifiti ya usiku.
Layisoni amayendetsa thirakitala ya masamba, masana.
Belu la sikisi likalira timakumana pa mlatho wa matabwa,
iye akukwera, ine ndikutsika,
nkhungu itaphimba bulugama yense.
Amandipatsa kiyi. Ndimamuuza kuti sopo watha.
Miyezi inayi tsopano, ukwati wathu ndi umenewu:
kiyi, sopo, fizi ya mwana, wayenda bwanji usiku.

Ndimafika m'nyumba zala zitauma,
tsitsi likununkha tiyi wowauka.
Sindiyatsa mbaula. Sindivula n'juzi yomwe.
Ndimalowa m'bulangete mbali yakukhoma, mbali yake,
pomwe mphasa idakali yofunda
ndi thupi la munthu amene wafika kale kusikelo ya masamba.

Bulangete lathu ndi lakale, la pamsika wa Bvumbwe,
lobooka pakona pomwe linapsa ndi koloboyi.
Silipanga kanthu. Silidya nkhuni.
Madzulo ndikamadzuka ndimalipinda msanga, kawiri,
kuti lisataye zomwe ndasiyamo,
ngakhale ndikudziwa kuti iye amachedwa pa bawo
ndipo adzalipeza litazizira.

Lero ndinachedwa ndine, lamba wa makina anaduka.
Pa mlatho panalibe munthu.
Kiyi ndinaipeza pansi pa mwala,
ndipo m'bulangete munali botolo la madzi otentha
lokulungidwa m'malaya ake a ntchito.