Lachiwiri Madzulo, Pamwamba pa Laibulale

Lachiwiri lililonse ikamakwana seveni koloko
timakwera masitepe khumi ndi asanu ndi anayi
kulowa m'chipinda cha gulu la ojambula zithunzi, ku Whitehaven kuno,
momwe ketulo imachedwa kuwira
ndipo zenera limodzi linakana kutsekeka,
mphepo ya padoko imangolowa osaodira.

Ophunzira tilipo asanu ndi awiri.
Aphunzitsi ndi awiri, palibe amene amawalipira.

Mayi Glenys Routledge anatha zaka makumi atatu m'chipatala
akujambula mafupa a anthu:
nthiti zothyoka, chiuno cha nkhalamba,
ndalama yachitsulo ili phee m'mimba mwa mwana.
"Zam'kati ndinaziona mpaka kukhuta," amatero,
"pano ndikufuna nkhope."
Amazimitsa magetsi, n'kuyatsa tochi,
kuizunguliza pang'onopang'ono pa dzira lowiritsa,
ife n'kumaonerera mthunzi ukusamuka
ngati sitinaonepo dzira chibadwire.

Bambo Alwyn Fearon ankayendetsa basi ya ku Egremont.
Manja awo masiku ano sakhala chete,
tiyi amafika patebulo theka, winayo ali m'sosala,
komabe ndi iwowo amene amatiphunzitsa kugwira kamera osagwedeza.
"Zigongono m'nthiti. Tsamirani khoma. Tulutsani mpweya.
Pakati pa kupuma uku ndi kupuma kotsatira
pali kampata. Dinani pamenepo."

Ine kamera si yanga.
Inali ya Noreen, ndinaipeza m'kabati pansi pa majuzi ake,
lamba akununkhirabe mafuta odzola m'manja.
M'kati munali zithunzi mazana awiri ndi khumi ndi ziwiri,
mabatani sindinkawadziwa, ndinkaopa
kuti chala changa chidzafufuta zonse tsiku lina.
Ndicho chinandikweza masitepe aja, osati luso.

Sabata yachinayi anati aliyense abweretse chimodzi.
Agnieszka wa kufakitale anabweretsa mbalame za panyanja zikulimbirana tchipisi.
Mnyamata Callum, galu wopanda mutu, tonse tinafa nacho chiseko.
Ine ndinaika pakhoma chomaliza cha Noreen, osanena kanthu:
mwamuna ali m'tulo pampando, kukamwa yasa,
nyuzipepala itagwera pamaondo,
kuwala kukuchokera kumbuyo, mbali yolakwika.

Mayi Glenys anavula magalasi, anachiyandikira,
monga ankayang'anira mafupa kufunafuna mng'alu.
"Ichi si chanu," anatero, osakweza mawu.
"Inu mumaima patali ngati mukudikira chilolezo,
boti lanu limaoneka ngati nyerere.
Wojambula ichi anafika mpaka pabondo."
Kenako anafunsa ngati wina akufuna bisiketi.

Ntchito ya kunyumba inali yaifupi:
musagule kanthu, musasinthe batani lililonse,
sunthani mapazi awiri kutsogolo.

Ndinayesa padoko Loweruka, mvula ikuwaza.
Mapazi awiri, chingwe cha boti chinaonetsa ulusi wake.
Mapazi awiri, dzimbiri linakhala ndi mitundu isanu.
Mapazi awiri ena, nsapato inalowa m'madzi,
msodzi wina anandifunsa ngati ndataya china chake.
Ndinati inde, ndisanaganize.

Usiku womaliza, ena akupinda mipando,
ndinapita kwa bambo Alwyn akutsuka makapu.
Ndinayandikira, ndinayandikirabe, mpaka ndinamva fungo la sopo.
Zigongono m'nthiti, phewa kukhoma, mpweya kunja.
Ine ndinaima nji. Manja awo sanaime.
Chithunzi chinatuluka kapu ili bwinobwino,
zala zokha zili chimbuuzi ngati mapiko.

Ndinapepesa, chala chili kale pa batani lofufutira,
lomwe tsopano ndikulidziwa.
Iwo anachiyang'ana nthawi yaitali, madzi akudontha m'zigongono.
"Chisiyeni," anatero. "Simunagwedeze ndinu."

Ndi cha mazana awiri ndi makumi asanu ndi chimodzi.
Mwezi wamawa akuti tiphunzira kujambula usiku,
tibwere ndi majasi, ndi ndalama ya tiyi.