Mlomo wa Gulugufe

Truda, mchere ndikuyezabe ndi kagalasi kako komwe kaja,
Lachiwiri lililonse ndisanamwe tiyi.
Kunja Gdańsk wafunda chipale chofewa,
makina okwezera katundu kudoko aima ngati akakowa ozizidwa,
koma muno, masitepe makumi anayi kuchoka pamsewu,
nyanja yako ya malita mazana atatu ikadali yofunda,
pampu ikung'ung'udza usiku wonse.

Makorali unasiya khumi ndi anayi,
aliyense ndi dzina lake.
Wobiriwira uja unamutcha Apongozi
poti amaluma aliyense womuyandikira.
Wofiirira wa nthambi unayamba naye ali kachidutswa
kosaposa chikhadabo,
zaka zisanu ndi ziwiri ukumudikira akule.

Ndiye ndalakwa, Truda.
Mu Novembala ndinalowa m'sitolo ya Mieszko
kukagula mchere basi.
Ndinamuona yekha pakona ya thanki,
nsomba amati gulugufe,
wopyapyala ngati tsamba, mizere yachikasu,
kamlomo kosongoka ngati pulayala yanga yakale,
diso labodza pafupi ndi mchira
likundiyang'ana, enieniwo ali kwina.
Mieszko anakanda m'mutu:
"Ena sakhudza korali mpaka kufa.
Ena amayamba mawa lomwe. Sindilonjeza."
Ine ndinangomva mbali yoyambayo.

Masiku asanu ndi anayi anakana kudya.
Nyongolotsi ayi. Tinkhanu ta mufiriji ayi.
Ine, amene chichokere iwe ndimadya buledi choimirira,
ndinakwera basi mpaka kumsika,
kugula nkhono zamoyo, kuziswa ndi mpeni,
kugwada pagalasi ngati wopempha ngongole.
Tsiku lakhumi anajompha.
Ndikuuze zoona, misozi imene inandikana kumanda
inabwera pamenepo, chifukwa cha nkhono.

Kenaka Apongozi analeka kutambasuka masana.
Ndinati ndi magetsi. Ndinati ndi madzi.
Ndinabisala kuseri kwa katani,
mlonda m'nyumba yanga yomwe,
ndipo ndinamuona:
kujompha, kutembenuka, kujomphanso,
mosafulumira, ngati wophika akulawa mchere.
Pomwe wadutsa patsala mbee, fupa lokhalokha.

Jagna pafoni akuti, "Agogo, ingom'bwezani."
Msampha ndinapanga kale,
botolo lodula pakhosi, nkhono m'kati.
Dzulo analowa mpaka theka la thupi.
Chingwe chinali m'dzanja langa.
Sindinakoke.

Sadziwa kuti akudya zaka zako.
Kwawo kumene anam'vuula
korali ndi munda wosaoneka malire,
waluma pano, wapita, mwezi wamawa papola.
Ndine ndinam'tsekera m'kadimba ka mikono iwiri
n'kumayembekeza kuti azingoona ndi maso.
Ukanakhalapo ukanandifunsa
ngati ndinawerenga kabuku kaja ndisanatulutse chikwama.
Sindinawerenge. Kali pomwe unakasiya,
tikiti ya basi ili pa tsamba lomwe unalekezera.

Lero ndasamutsira wofiirira uja
m'kabokosi ka ukonde, kumtunda pafupi ndi nyale,
m'ndende kuti apulumuke.
Apongozi ndawasiya adzimenyere okha,
sanagonjepo kwa wina aliyense.
Nkhono ndikuika katatu patsiku,
mwina wokhuta adzaiwala.
Mieszko akuti saiwala.

Koma tamvera ichi, usanandiweruze.
Makorali ako ndawasamala miyezi makumi awiri,
kuwasinthira madzi, kuwapala ndere,
ndipo palibe mmodzi amene amadziwa kuti ndilipo.
Uyu, ndikangolowa, chikhoti chikadali pathupi,
amasiya mwala, n'kubwera pagalasi,
n'kumalavula timadzi pamwamba, pyu, pyu,
kufunsa chimene ndabweretsa.
Ndi njala chabe, ndikudziwa.
Komabe ndayambanso kunena kuti "ndafika"
ndikatsegula chitseko.

Dzina sindinam'patse.
Maina unkatcha ndiwe.
Ndikadali kuwerenga makorali m'mawa uliwonse,
chala pagalasi, kuyambira kumanzere:
khumi ndi anayi,
ngati Apongozi tiwawerengerabe.