Kadontho

Masamu ndinawasiya mu Giredi Naini
pamodzi ndi nsapato zondithina.
Lero a Daka andikhazika pa kreti ku Chilenje,
mayeso a laisensi ali Loweruka.

"Mavoti khumi ndi awiri, maomu anayi. Gawa."
Thukuta kamukamu.
"Si iwe umabweza chenji
m'minibasi ya ku Matero ikuthamanga,
anthu asanu akukukalipira?"
Atatu, ndanong'ona.
"Basi. Kuchulukitsa, kugawa,
ndi kusamala kadontho kaja
kosandutsa kwacha kukhala ngwee."

Magetsi athima.
Batire la galimoto lalowa m'malo,
wailesi yakhosomola,
wina kutali akutchula zilembo zake, akudikira.
Sindinaloledwe kumuyankha.

Ndatembenuza katoni ya sopo,
ndanyambita pensulo.
A Daka, funso lina.